Lumbe wa Apongozi Anga

Ndinakwatiwa chitengwa. Kwathu ndi kumadzulo kwa Namitete, kufupi ndi kankhalango ka misuku, koma amuna anga ananditengera kwawo, mudzi wina wa kuseri kwa Nambuma. Kumeneko mitengo yachilengedwe inali itatha kale ndi zigafa za fodya. Yotsala inali ya kumanda ndi ya mango basi.

Apongozi anga aakazi ndinkangowatchula kuti amayi. Anali munthu wamfupi, woyankhula msangamsanga, wosakhala pansi. Apongozi aamuna, abambo, anali aatali ndi ofatsa, ndipo moyo wawo wonse unali pa ng'ombe zawo ziwiri zokoka ngolo. Ine ndi abambowo sitinkayankhulana, monga mwa mwambo. Tikakumana m'njira ine ndinkapatuka n'kugwada, iwonso n'kupatukira mbali inayo, mpaka njira n'kutsala yopanda munthu. Akafuna kundiuza kanthu ankauza amayi. Amayi akachokapo ankauza ng'ombe. Ndimakumbukira tsiku lina ndikutenga ndowa, ndinawamva kukhola akunena mokweza kuti, "Ng'ombe inu, m'chitsime chakumunsi mwagwera mbuzi. Lero asatungemo munthu." Ndinatembenuka n'kupita kumjigo wa kusukulu.

Chaka changa chachiwiri pamudzipo ndinakhala ndi pakati. Amayi anandilanda ntchito zonse zolemetsa. Ndikangogwira musi, anali atafika kale. Kuthirira nazale ya fodya kudambo anandiletsa. Ankandiperekeza kusikelo ngakhale ndinkaidziwa njira, ndipo pobwera ankandibwerezera zonse zimene anamwino anena, ngati kuti ine ndinali panja.

Mbalame ija inayamba kulira nyengo ya dzuwa lowotcha, minda itakonzedwa kale, anthu akungoyang'ana kumwamba. Kuseri kwa nyumba yathu kunali mtengo waukulu wa mango umene abambo anadzala ali mnyamata, ndipo unali ndi mphako pamene nthambi ina inathyoka kalekale. Dzuwa litangolowa, tili pabwalo, munamveka kamawu: kruu. Kenaka zii. Kenakanso kruu. Kankamveka ngati chule, koma chule wa m'mwamba.

Amayi anasiya kupeta.

"Bambo, mwamva?"

"Ndamva," anatero abambo, ali pampando wawo wa ndalema chapatali.

"N'chiyani chimenecho?"

Abambo anayang'ana kumene ndinakhala ine, kenaka anayang'ana kumbali.

"Ndi lumbe."

"Lumbe? Mu mango?"

"Kodi analetsa lumbe kukwera mango ndani?"

Amayi anafunsa mwana wawo, amuna anga. Koma amuna angawo mbalame zonse anazigawa pawiri, zodyedwa ndi zosadyedwa, ndipo za usiku sanaziikepo mbali. Anangoti, "Ngati abambo akuti ndi lumbe, ndi lumbe." Amayi anapitiriza kupeta, koma khutu lili ku mango.

Ine ndinadziwa pomwepo kuti si lumbe. Ndinakulira m'nkhalango ya kwathu, kutola masuku ndi kuzula bowa ndi mayi anga ondibala, ndipo alumbe tinkawadzidzimutsa kawirikawiri. Lumbe amakhala pansi. Masana amagona pa masamba ouma, ndipo nthenga zake n'zofanana ndi masambawo, moti umangoona tsamba likuuluka pamapazi pako mtima n'kuti phwii. Samanga chisa. Mazira ake awiri amangowaika padothi, ndipo kangapo mayi anga anandigwira mkono kuti ndisawaponde. Akatera pamtengo sakhala chilili ngati mbalame zina, amagona motsata nthambi. Miyendo yake n'njaifupi, yosagwira kanthu. Chimene ali nacho ndi kamwa. Kamlomo n'kakang'ono, koma akayasamula umaona ngati mutu wonse watseguka, ndipo ndi mmene amawolera tizilombo akuuluka madzulo. Kulira kwa alumbe a kwathu ndinkakudziwanso. Sikunali kumeneku.

Kamawu ka mu mango kanali ka kadzidzi. Osati wamkulu uja wa mawu a nkhalamba amene amatera padenga, koma kakang'ono, kamene kamagona m'mphako.

Sindinanene. Mtengwa sangatsutse apongozi aamuna pabwalo. Komanso ndinaona mmene anandiyang'anira asanayankhe, ndipo ndinamva chimene ankachita. Ankanditchinjiriza ku mantha. Tonse tinakula tikumva kuti kadzidzi akalira pakhomo ndiye kuti kukubwera maliro, tsono pakhomopo panali munthu woyembekezera. Anaganiza kuti mtsikana ameneyu asadziwe. Ine ndinaganiza kuti bambo ameneyu asadziwe kuti ndikudziwa.

Sindinganame kuti ndinalibe mantha. Masiku oyamba kakalira ndinkagwira pamimba n'kuyamba kupemphera chamumtima. Koma kankalira tsiku ndi tsiku, nthawi yomweyomweyo, ndipo m'mudzi simunamwalire munthu. Mwana ankapitiriza kundimenya mateche. Pang'ono ndi pang'ono ndinakazolowera, mpaka kakachedwa kuyamba ndinkadabwa kuti kapita kuti.

Masiku amenewo ndinkalakalaka mango aawisi othira mchere. Tsiku lina masana, amayi atapita kudimba, ndinatenga nsungwi n'kulowa pansi pa mtengo uja. Ndikusuzumira m'masamba kufuna mango abwino, ndinaona kachitsa pambali pa thunthu, pamene sipanali nthambi yodulidwa. Kachitsako kanatsegula diso limodzi. Linali lachikasu.

Ndinaima nsungwi ili m'manja. Kanali kakang'ono zedi, kosaposa dzanja langa. Kanaima chilili, katadziwongola n'kudzichepetsa, nthenga zake zotuwa ngati khungwa, pamutu timakutu tiwiri tili njo. Zala zake zinagwira nthambi zolimba. Kanandiyang'ana pang'ono n'kutsekanso diso lija, ngati munthu amene wadzutsidwa ndi ana. Ndinatsala pang'ono kuseka. Chinthu chimene chinkaimitsa mudzi mtima chinali chochepa kuposa nkhunda.

Kumbuyo kwanga munthu anatsokomola. Anali abambo, akuchokera kukhola, goli lili paphewa. Ndinagwada msanga. Iwo anayang'ana m'mwamba, pamalo pomwe ndinkayang'ana ine, ndipo sanafufuze. Ankadziwa pamene kamakhala. Ng'ombe panalibe, amayi panalibe, choncho anauza mtengo.

"Mango a mbali ino ngowawasa. Okoma ali mbali inayo."

Anapitirira. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndinkapeza mango aawisi ataunjikidwa pakhonde pathu, ndipo sindinabwererenso pansi pa mtengowo ndi nsungwi.

Bodza la abambo linakhala bwinobwino mpaka mvula yoyamba. Itagwa mvulayo, tsiku lotsatira madzulo inswa zinatuluka pachulu cha kumapeto kwa bwalo. Tonse tinathamangirako ndi mabeseni. Amayi anandiikira mpando kuti ndizingoonerera. Kunali kusanade kwenikweni, kumadzulo kukadali kofiira, ndipo inswa zinkakwera ngati utsi. Ndiye kunabwera lumbe weniweni, wamphongo, uja amamera nthenga ziwiri zazitali nyengo ya dzinja. Ankauluka mwakachetechete pamwamba pa chulu, nthengazo zikumutsata ngati nsalu zoyera zimene wina wamangirira kumapiko, akutembenuka uku ndi uku kuwola inswa. Anthu anaima kumuyang'ana. Mayi wina woyandikana nafe anati, "Taonani lumbe!"

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Ndipo nthawi yomweyo, kumbuyo kwathu mu mango, kunamveka kruu.

Amayi anaika beseni pansi.

"Bambo. Ngati lumbe ndi uyu, akulira mu mangomo ndani?"

"Mkazi wake," anatero abambo, osaphethira.

Anthu anaseka, koma amayi sanaseke. Anapita kukhitchini n'kubwera ndi chikuni cha moto, nachiponya mu mango ndi mphamvu zawo zonse. Chikunicho chinagunda nthambi n'kugwa pansi, moto uli mbee. Kambalame kanakhala chete pang'ono, kenaka kanayambiranso. Amayi anatembenukira amuna awo.

"Mwandiyesa mwana, eti? Mawa mtengo uwu ugwe. Mukakana ndikabwereka nkhwangwa ndidule ndekha."

Inswa za tsiku limenelo zinakazingidwa, koma palibe amene anazimva kukoma.

M'mawa mwake amuna anga analawirira kunazale. Abambo anali kukhola, akukonza chinthu chimene sindikukhulupirira kuti chinali chowonongeka. Amayi anakhala pakhonde panga ndi lichero la mtedza wambewu, tikuswa. Nkhwangwa inali itatsamira kale pakhoma. Ndinaona kuti ndikapanda kuyankhula, mtengo upita, ndipo abambo sadzanena kanthu koma zidzawapweteka mpaka kalekale.

"Amayi," ndinatero, "kambalame kaja ndinakaona."

"Munakaona?"

"Eya. Ndi kakadzidzi, koma kakang'ono ngati dzanja langali. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe. Kwathu tiliko tambiri. Timadya ziwala ndi nkhululu. Ine sindikukaopa, amayi."

Anandiyang'ana mtedza uli m'manja.

"Ndiye nonse mumandinamiza? Inu ndi apongozi anu, osayankhulana n'komwe, mwagwirizana bodza limodzi?"

"Iwo amaganiza kuti akubisira ine."

"Amabisira ine, mwana wanga," anatero. "Inu anangokuphatikizanimo."

Kenaka anandiuza nkhani imene sindinaidziwe, imene ngakhale amuna anga sankaidziwa. Amuna angawo sanali mwana wawo woyamba. Panali wina patsogolo pawo. Amayi ali ndi pakati poyamba, kadzidzi wamkulu anatera padenga la nyumba yawo masiku angapo. Anthu anawauza kuti asade nkhawa. Matenda anawayamba mvula ikugwa, mtsinje utadzaza, ndipo nthawi imeneyo pabanjapo panalibe ngolo. Amuna anawanyamula pamachira kuzungulira njira yaitali ya kumlatho. Mwana anabadwira panjira, pansi pa mtengo, ndipo sanalire. Anali wamwamuna. Amayi achikulire anakamuika okha, monga zimakhalira ndi mwana wotero, ndipo nkhani inathera pomwepo.

"Abambo anuwa sananene kanthu," anatero amayi. "Koma fodya wa chaka chotsatira sanagulire china chilichonse. Anagula ng'ombe. Mukamaziona ng'ombezi m'kholamo, zinayamba choncho."

Misozi inkatsika koma manja sanasiye kuswa mtedza. Ndinasendera pafupi n'kuwagwira bondo.

"Mukuti n'kakang'ono," anatero. "Ine sindikufuna kudziwa kukula kwake. Ndikufuna ndimve mwana akulira."

Khola silinali patali, ndipo amayi sankadziwa kunong'ona. Patapita kanthawi tinamva abambo akuyankhula.

"Ng'ombe inu, mudye mukhute lero. Mawa m'mamawa tikupita kuchipatala, tikasiye anthu kuchidikiro. Mtsinje usanadzaze."

Masiku anga anali asanakwane. Anamwino anali atandiuza kuti ndidzapite kuchidikiro, nyumba ija amayi oyembekezera amakadikirirako pafupi ndi chipatala, mwezi wotsatira. Koma amayi anadzuka pomwepo, mtedza n'kuusiya, kuyamba kulongedza ufa, nyemba, mapoto, zitenje, beseni ndi nkhuni. Za nkhwangwa anaiwala, kapena anachita ngati aiwala. Madzulo ake sinalinso pakhoma.

Tinanyamuka m'bandakucha kuthawa dzuwa. Amuna anga anayala matiresi m'ngolo, anandikweza, iwo n'kutsala chifukwa fodya anali pafupi kuwokeredwa. Abambo anakhala kutsogolo ndi chikwapu chimene sankamenyera ng'ombe, ankangochiliza m'mwamba. Ine ndi amayi tinali kumbuyo pakati pa katundu. Msewu unali wonyowa, ukununkhira dothi. Amayi anagwira tochi, ndipo titangotuluka m'mudzi kuwala kwake kunagwera timaso tiwiri tofiira pakati pa msewu. Ng'ombe zitayandikira, chinthucho chinanyamuka mwakachetechete n'kukateranso patsogolo. Tinapeza wina, kenaka winanso.

"Awo ndiye alumbe anu," anatero amayi. "Pansi. Osati mu mango."

"Ndamva, mayi," anatero abambo.

Tinayenda pang'ono. Kenaka abambo anafunsa ng'ombe.

"Kodi ng'ombe inu, kwawo kwa anthu ena, kumene kudakali nkhalango, alumbe amaikira pati? Ine chibadwire sindinaonepo dzira lake."

Ndinayang'ana amayi. "Amayi, auzeni kuti amaikira padothi penipeni, pa masamba ouma. Mazira awiri, a mawangamawanga. Ukayandikira, make amadzigwetsa patsogolo pako ngati wathyoka phiko, kuti umutsate iyeyo usiye mazira."

"Ng'ombe inu, zoona zimenezo? Nanga ana ake sadyedwa ndi nyerere?"

"Amayi, auzeni kuti anawo amayenda msanga. Lero uwapeza apa, mawa asuntha."

"Ine ndatopa," anatero amayi. "Munthu ali pompa, makutu ali nawo. Ng'ombe nazonso zatopa. Ngolo yake imodzi yomweyi mukufuna mtenga wa chiyani?"

Abambo anaseka. Ndinali ndisanawamvepo akuseka mokweza chotero, mapewa akugwedezeka, mpaka ng'ombe imodzi inatembenuka. Komabe sanasiye. Anapitiriza kuuza ng'ombe zawo za kakadzidzi kaja, ndipo ndinazindikira kuti anakhala akukayang'anira zaka zambiri. Kale kankakhala mu mkuyu wa kudambo, pafupi ndi nazale. Ankakaona akachedwa kuthirira: kamakhala panthambi phee, kakumvetsera, kenaka n'kutsika kamodzi n'kugwira nkhululu ndi zala, n'kubwerera panthambi pomwepo kukadya. Nkhululu ndi zimene zimadula mbande za fodya, choncho iwo ankakaona ngati mnzawo wa ntchito. Mkuyu uja utadulidwa ndi mwini dimba, kanasowa, ndipo atakamva mu mtengo wawo wa mango anakondwa, asanakumbukire kuti pakhomo pali ndani.

"Lumbe amasaka ndi kamwa, akuuluka," anatero. "Aka kamasaka ndi zala, katakhala. Koma chakudya chawo n'chimodzi. Wina anthu amamusekerera, wina amamuponyera moto."

"Chifukwa wina salira maliro," anatero amayi.

"Mayi, kaja kamaitana mkazi."

"Dzulo dzana munati ndi mkazi wa lumbe. Lero kakuitana mkazi. Mawa mudzati ndi nkhuku."

Anakangana choncho mpaka dzuwa linatuluka, ine ndikuseka chogwira pamimba. Powoloka mtsinje amayi anakhala chete. Madzi anali ofika m'mawondo a ng'ombe. Abambo anatsika n'kuzitsogolera pang'onopang'ono, dzanja lili pagoli, ndipo sanakwerenso mpaka tinafika kutsidya.

Kuchidikiro tinakhalako nthawi yaitali kuposa amayi ena onse. Ena ankabwera, kuchira, kupita, ife tilipobe. Amayi anasanduka mwini malo. Ankadziwa amene wabwera wopanda nkhuni, amene amuna ake sanabwere kudzamuona, amene akuopa. Abambo ankabwera Lamlungu lililonse ndi ufa ndi mango, amene tsopano anali atapsa. Ankakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, amayi n'kupita kukawauza mmene ndagonera.

Matenda anandiyamba masana, mvula ikugwa mosalekeza kuyambira dzulo lake. Anatenga nthawi, ndipo panafika poti anamwino anaitana anzawo ena kudzathandiza. Zambiri sindizikumbukira. Ndimakumbukira kuti mwana atatuluka panali kanthawi kachete, kenaka analira, kulira kwaukali ngati wina wamulanda kanthu. Anali wamkazi. Kunja kwa chitseko ndinamva amayi akululutira, kenaka kululuta kuja kunasanduka kulira, ndipo mayi wina ankawatonthoza akuganiza kuti zalakwika.

Abambo ndi amuna anga anafika patapita masiku, chifukwa mtsinje unali utasefukira ndipo ngolo sikanatha kuwoloka. Ndinaganiza kuti mwina amayi anena kuti kambalame kaja kanatithandiza, popeza ndi kamene kanatithamangitsa kumudzi nthawi ikadalipo. Ndinayesa kuwauza choncho. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Anatithandiza ndi Mulungu ndi ng'ombe," anatero. "Musandiyambe."

Sanakakhululukire kambalameko. Titabwerera kumudzi tinapeza abambo atadula nthambi imodzi ya mango, imene inkafika padenga la nyumba yathu, n'kusiya mbali ya mphako. Amayi anaona, anang'ung'udza, koma anavomera. Masiku onse amene ndinali m'chikuta ndi mwana, iwo ankakhala pakhomo madzulo, ndipo kakangoti kruu ankakayankha mokweza ngati akukalipira mnansi: "Tamva! Pita ukalire kwanu!" Mvula itakhazikika kanayamba kulira mwa apo ndi apo, kenaka kanaleka. Chaka chotsatira kanabweranso, ndipo amayi anakakalipiranso.

Abambo anatisiya mwana wanga ali kusekondale. Anadwala nthawi yochepa, nyengo yozizira. Ng'ombe zinapita kwa adzukulu awo, ana a alongo awo, monga mwa mwambo, koma ngolo anatisiyira. Mtengo wa mango unakhalapo zaka zina zingapo, mpaka mphepo ya mkuntho inaugwetsa chaka china, chifukwa mphako ija inali itadya mkati monse. Mbali ya thunthu imene inali yolimba amuna anga anapereka kwa mmisiri wina, amene anasema mtondo, n'kuupereka kwa amayi.

Amayi anauzungulira, anaugogoda, anati ndi wosemedwa bwino. Kenaka anati iwo sangasinjire chakudya m'nyumba ya kadzidzi, ndipo anaukunkhuniza okha mpaka pakhomo panga. Panopa amayi akalamba, amakhala ndi ife, ndipo nsinjiro zonse zimene amadya zimachokera mu mtondo womwewo. Unang'aluka pang'ono m'mbali, ndinaumanga ndi waya.